Funsani Amalume: kodi setilaiti ingagwire wakuba madzi ku sikimu?

Moni nonse a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi inu a m'mafamu amene mumawerenga tsamba lino pa foni ya mwana. Mwezi uno makalata ambiri abwera a nkhani ya madzi, sizodabwitsanso, dzuwa lake ili nde munthu aliyense akungoyang'ana damu. Ndasankhapo anayi, koma yoyambayi ndikhalitsapo chifukwa yandikumbutsa zambiri.

Amalume, ine ndimakhala ku Mufakose koma achimwene anga aakulu ali ndi puloti ya theka la hekitala ku sikimu ina yothirira chakumpoto kwa Harare, mbali ya ku Mazowe. Bambo athu anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu ndipo pulotiyo ndi yokhayo yomwe banja lathu tingaloze kuti yathu. Madzi amapopa mu damu kulowa mu ngalande ya simenti, kenako amagawikana mu timingalande ta dothi. Achimwenewo ali kumapeto kwenikweni, ya magetsi amasonkha yofanana ndi anzawo koma tirigu wawo chaka chino wangofika m'mawondo pomwe a kumtunda wawo ndi wa m'chiuno. Akadandaula, a tcheyamani amangoti aliyense amapatsidwa maola 6 pa sabata, palibe wokonderedwa. Nde mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za mapu ku koleji akuti masiku ano setilaiti imaona zonse, ingationetse amene akuba madzi usiku. Ndi zoona kapena mwanayu akungofuna timugulire data? Ine Mbewe, Mufakose.

A Mbewe, data mumugulire ndithu, mwanayo sakunama, kungoti wakokomeza pang'ono ngati mmene amachitira ana a sukulu akaphunzira chinthu chatsopano. Setilaiti siiona munthu akutsegula geti la ngalande 2 koloko usiku atavala magambuti, iyayi. Ma setilaiti amene amathandiza pa nkhani ngati yanuyi amadutsa pamwamba pathu cha m'ma 10 koloko m'mawa, wakuba uja atagona kale, ndipo ali kutali kwabasi. Landsat ya ku America imayenda pa makilomita 705 kumwamba, Sentinel-2 ya ku Ulaya pa 786, mtunda woposa ulendo wa basi kuchoka pa Mbare kudzera ku Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre. Chomwe imaona ndi mbewu, ndipo mbewu siibisa, ikamwa zimaoneka, ikagona ndi ludzu zimaonekanso.

Imaona bwanji? Njira zake zazikulu ndi ziwiri. Tsamba lathanzi limameza kuwala kofiira koma limabweza kwambiri kuwala kwina kotchedwa near infrared komwe maso athu saona, kamera ya setilaiti yokha. Akafanizira ziwirizo amapeza nambala yomwe amati NDVI, munda wokhathamira bwino nambala imakwera kuyandikira 1, dothi lopanda kanthu imatsikira kufupi ndi 0. Mwana wa achemwali anuyo izi ndikhulupirira anaphunzira chaka choyamba. Njira yachiwiri ndiyo imandisangalatsa ine, kuyeza kutentha. Mbewu ikamamwa bwino imatulutsa madziwo m'masamba ngati thukuta ndipo imazizira, pomwe yosowa madzi imatseka timabowo ta m'masamba n'kuyamba kutentha. Mukudziwa mmene madzi a mumtsuko wadothi amakhalira ozizira kusiyana ndi a m'chigubu cha pulasitiki, ndi nzeru yomweyo basi. Landsat ili ndi kamera yoyeza kutenthako, Sentinel-2 ilibe. Akaphatikiza kutentha, kubiriwira, mphepo ndi mphamvu ya dzuwa amawerengera madzi amene achoka m'munda kupita mumlengalenga, a m'masamba ndi ouma pa dothi pamodzi, pa Chingerezi amati evapotranspiration, anyamata amangoti ET. Njirazi sizapompano, ya SEBAL inapangidwa ndi Wim Bastiaanssen wa ku Netherlands m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Idaho ku America boma limagwiritsa ntchito ina yofanana nayo, METRIC, poyendetsa nkhani za ufulu wa madzi pakati pa alimi.

Ndiye tibwere kwa achimwene anu. ET amaiyeza m'mamilimita ngati mvula, ndipo apa gwirani pensulo. Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, kapena kuti madiramu 50 aja a malita 200. Bungwe la FAO, la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, limati tirigu amafuna pakati pa mamilimita 450 ndi 650 kuti afike pokolola. Titenge 500, pa theka la hekitala la achimwene anuwo ndi malita 2,500,000, madiramu 12,500 kuyambira mu May mpaka kukolola. Mukamva nambala imeneyo mumvetsa chifukwa chake anthu amatemana ndi makasu pa ngalande. Mapu a ET akaonetsa kuti mapuloti a kumtunda amwa cha m'ma 500 pomwe a kumapeto amwa 300, ndipo zikubwereza chaka ndi chaka, palibenso zoti wina azinena kuti achimwene anu ndi aulesi kapena ali ndi kaduka.

Ubwino wake zithunzizi ndi zaulere. Za Landsat anazitsegulira aliyense mu 2008 ndipo zilipo kuyambira 1972, Landsat 8 ndi 9 pamodzi zimajambula malo amodzi masiku 8 aliwonse. Sentinel-2 yoyamba inakwera mu 2015, inzake mu 2017, ndipo imabwerera pa masiku 5, mungaziwone pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Copernicus Browser. Palinso WaPOR, webusaiti ya FAO yomwe inayamba mu 2017, iyo amakuwerengerani kale ET ya masiku 10 aliwonse, simuvutikanso ndi masamu. Ndipo nyengo ya tirigu kuno kwathu ndi yabwino kwambiri pa ntchitoyi, May mpaka September kumwamba kuli mbee, mvula kulibe, choncho chilichonse chobiriwira m'sikimu chathiriridwa, sizoti mwina kunagwa mvula. M'dzinja nde kumavuta, mitambo imaphimba milungu ingapo motsatizana.

Koma tcherani khutu pa nkhani ya timabokosi. Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timabokosi, ndipo mkati mwa kabokosi kamodzi zonse zimasakanikirana kukhala mtundu umodzi. Ka Sentinel-2 ndi mamita 10 mbali zonse, ndiye puloti ya achimwene anu ili ndi timabokosi pafupifupi 50, imaoneka bwinobwino. Ka Landsat ndi mamita 30, timabokosi 5 kapena 6 basi, koma kamera yoyeza kutentha ija ndi ya mamita 100, kabokosi kamodzi hekitala yathunthu, ndi WaPOR ya ku Africa kuno malo ambiri ndi chimodzimodzi. Kutanthauza kuti puloti ya achimwene anu, ya neba wawo, njira ndi chulu cha pakati paja zonse zalowa m'kabokosi kamodzi. Nde musapite kumsonkhano kukaloza kuti puloti nambala yakuti ndiyo yakuba, mukachita manyazi. Fanizirani buloko ndi buloko, ya kumtunda, yapakati, ya kumapeto.

Ine ndinaziona ndi maso anga chaka china, mphwanga wina atandikhazika pa laputopu kuti tiwone sikimu yomwe kuli abale a mayi a kunyumba. Kumtunda kunali kobiriwira bii, kutsika mmunsi kumanka kuyezuka ngati malaya ochapidwa kwambiri, izo tinkayembekezera. Chomwe chinatidabwitsa ndi kamzere kobiriwira koyenda m'mbali mwa ngalande yaikulu kunja kwa mapuloti, mu August, tchire lonse litauma. Titapita Loweruka lake tinapeza simenti inang'ambika malo atatu, pansi pake matope mpaka mu akakolo, mabango, ndi nthochi za munthu wina zonenepa ngati za ku Thyolo, mikoko yake atachita kuichirikiza ndi mitengo. Anthu anakhala akutukwanizana zaka ziwiri za wakuba wa usiku, pomwe gawo lalikulu la madzi linkathera pa mng'alu umene aliyense ankaudumpha tsiku ndi tsiku popita kumunda. Sindikuti akuba kunalibe ayi, kuti kulibe ndingakhale ndanama, koma mng'aluwo unkaba kuposa onse.

Ndipo apa ndi pomwe ndikutsutsana ndi a tcheyamani anuwo ngakhale sindiwadziwa. Maola ofanana si madzi ofanana. Wa kumtunda akatsegula, ngalande ili yodzadza, maola ake 6 ndi 6 enieni. Wa kumapeto madzi ayende kaye mu kangalande ka dothi kouma, kamwe kaye iko kakhute, udzu uli m'katimo uwachedwetse, akamafika ola limodzi kapena awiri apita ndipo akungodontha ngati mpopi wa ku Mabvuku, kenako magetsi athima. Pa pepala chilungamo chilipo, m'munda mulibe. Izi setilaiti yokha siingakuuzeni, imangoti kuno kwamwedwa pang'ono, chifukwa chake mukafufuze nokha pansi. Ndiye achimwene anu atenge diramu ya malita 200 ndi sitopuwotchi ya pa foni, pomwe madzi amalowera pa puloti akumbe poikapo diramuyo kapena agwiritse paipi, awone ikudzadza pa masekondi angati. Ikadzadza pa masekondi 20 ndi malita 10 pa sekondi, malita 36,000 pa ola. Achitenso chimodzimodzi kumtunda, pamaso pa anthu a komiti, masana dzuwa likuswa mtengo, asachite mobisa. Ngati kumtunda ndi masekondi 20 ndipo kwa iwo ndi miniti yathunthu, nkhani ya maola 6 ija yathera pomwepo.

Mukhozanso kuyeza sikimu yonse. Tingoyerekeza kuti ndi mahekitala 40 ndipo mita ya pa pampu kapena maola omwe pampu yagwira akusonyeza kuti mwapopa makiyubiki mita 400,000 nyengo yonse (kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000), pomwe setilaiti ikuti mbewu zamwa mamilimita 500, amene ndi makiyubiki mita 200,000. Theka lapita kuti? Funso limenelo likhudza thumba la aliyense, wa kumtunda yemwe, chifukwa magetsi opopera theka lotayikalo mukulipira nonse. Ine ndikanakhala achimwene anu ndikanayambira pamenepo, osati pa kuloza chala, makamaka ngati puloti ya a tcheyamani ili kumtunda, khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Chenjezo limodzi, kuyezuka kwa munda si ludzu nthawi zonse. Kubzala mochedwa, kusowa feteleza wobereketsa, chisanu cha mu June ndi July, zonse zimatsitsa NDVI, ndipo udzu nawo umabiriwira, setilaiti siisiyanitsa tirigu ndi chisoso. Mwanayo asabwere ndi chithunzi chimodzi, atenge cha milungu iwiri iliyonse kwa zaka zitatu kapena zinayi, kuphatikizapo 2024 chaka cha chilala cha El Niño chija, kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikakanika ku komiti, lamulo la madzi la 1998 linagawa dziko lino m'zigawo 7 za mitsinje, Manyame, Mazowe, Save, Runde, Mzingwane, Gwayi ndi Sanyati, chilichonse chili ndi khonsolo yake ndi makhonsolo ang'onoang'ono pansi pake ogwira ntchito ndi ZINWA, bungwe la boma loyang'anira madzi muno mu Zimbabwe. Mlangizi wa m'deralo akulozerani khomo loyenera, mupite ndi mapu osindikiza pa pepala ndi kope la manambala a diramu aja.

Amalume, ndili ndi dimba ku Epworth, masitepe 25 mulitali 15 mulifupi, ndimalima repu, kovo ndi tomato wokagulitsa ku Mbare. Ndimathirira ndi kheni kuchokera pachitsime. Kodi setilaitiyo ingandiuze tsiku lothirira? Nanga ndikatsegula Google Earth bwanji dimba langa likuoneka louma pomwe pano lili bwino? Ine Nabanda, Epworth.

Anabanda, pa dimba la saizi imeneyo chala chanu chikuposa setilaiti. Ndi timabokosi titatu kapena tinayi ta Sentinel-2, ndipo pafupifupi tonse tagwirako mpanda, mtengo wa peyala kapena denga la neba. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri, kapena kumbani pang'ono ndi khasu mufinye dothi m'manja, likagwirana ngati mpira lili ndi chinyontho, likangoyoyoka thirirani. Phimbirani mabedi ndi udzu wouma ndipo thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, makheni amene mumasenza achepa ndithu, msana wanu undithokoza. Za Google Earth musadandaule, sichithunzi cha lero chimene chija, amasonkhanitsa zithunzi za nthawi zosiyanasiyana, zina za miyezi kapena zaka zapitazo. Yang'anani pansi pa sikirini pali deti, mwina anajambula musanayambe n'komwe kulima. Chimathandiza poyeza kukula kwa malo, osati kuona ngati repu wafota.

Amalume, neba wathu ku Ruwa anaboola mjigo wakuya ndipo amagulitsa madzi m'mabauza, chiyambireni chitsime chathu chinauma. Setilaiti ingaonetse kuti madzi apansi akuthera kwa iyeyo? Ine Mwale, Ruwa.

A Mwale, pepani, apa ayi. Alipo ma setilaiti oyeza madzi apansi, GRACE yomwe inagwira ntchito kuyambira 2002 mpaka 2017 ndi GRACE-FO yomwe inakwera mu 2018, amayenda awiriawiri motsatana n'kumayeza kusintha kwa mphamvu yokoka ya dziko, madzi akachepa pansi kulemera kwa deralo kumachepanso. Nzeru zake n'zogometsa koma kabokosi kake ndi makilomita mazana angapo, Harare, Marondera, Bindura onse m'thumba limodzi, nde mjigo wa neba wanu ungaonekemo bwanji. Komanso madzi a m'bauza sathiriridwa pamalopo, palibe chobiriwira choti kamera igwire. Chokuthandizani ndi chingwe chomangirira mwala ndi tepi, muziyeza kuya kwa madzi m'chitsime tsiku lomwelo la sabata, nthawi yomweyo, ndi maneba ena atatu anayi azichitanso pa zitsime zawo n'kumalemba m'kope limodzi pamodzi ndi masiku omwe mabauza achuluka. Kupopa madzi apansi ochita nawo malonda kumafuna chilolezo, ndiye kafunseni ku khonsolo yaing'ono ya madzi ya dera lanu ngati chilipo ndi kuti chimalola madzi ochuluka bwanji. Musaiwalenso kuti chitsime chosaya chimauma chokha chaka cha chilala, kope lija ndilo lidzasiyanitse.

Amalume, ku gulu lathu la maliro tikufuna kugula dripi, mapaipi aja othirira modontheza pa tsinde la mbewu, ya munda wa hekitala imodzi womwe timabwereka ku Goromonzi. Wogulitsa akuti tipulumutsa theka la madzi ndipo setilaiti idzachitira umboni. Tigule? Ine mlembi wa gulu, Tafara.

A mlembi, dripi ndi yabwino koma umboni wa setilaitiwo wogulitsayo akuulonjeza mosaganiza. Manambala omwe FAO imapereka ngati poyambira ndi akuti pa madzi ofika m'munda, kuthirira kwa m'mizere mbewu imapindula ndi 60 pa 100 alionse, masipurinkala 75, dripi 90. Ndiye mudzapopa ochepa, bilu ya magetsi kapena ya dizilo itsika, izo n'zoona ndipo muzidzaziona pa mita ya pampu. Koma setilaiti imayeza zomwe mbewu yamwa, ndipo tomato wa pa dripi samwa mochepa kuposa wa m'mizere, nthawi zambiri amamwa kwambiri chifukwa sagonanso ndi ludzu ndipo masamba achuluka. Mukadzatsegula mapu n'kupeza ET yakwera musadzati mwaberedwa. Choyenera kuyang'ana ndi makilogalamu angati a tomato pa kiyubiki mita imodzi yomwedwa, WaPOR inapangidwira funso ngati limeneli, ngakhale pa hekitala imodzi sikelo yanu ndi kope zikupatsani yankho labwino kuposa kabokosi kamodzi kaja.

Palinso china chomwe ogulitsa sanena. Madzi aja timati otayika m'mizere ena amalowa pansi n'kukatulukira kudambo, ndipo mwina pali mayi wina mmunsi mwanu amene dimba lake limakhalira omwewo, ngati mwini nthochi uja ndanena pamwambapa. Mukaika dripi n'kutenga madzi opulumukawo kukulitsira munda kufika mahekitala awiri, damu silinapume ndipo mayi uja chitsime chake chatsika. Kambiranani zimenezo ndi eni malo musanasaine. Ndipo popeza madzi anu ndi a mu damu, muwerengeretu mtengo wa fyuluta yabwino ndi munthu woitsuka tsiku lililonse, timabowo ta dripi timatsekeka ndi matope ndi ndere msangamsanga, ndaonapo mapaipi okwera mtengo atasanduka zingwe zoyanikira zovala chaka chisanathe. Mumuuze wogulitsayo alembe pa koteshoni mtundu wa fyuluta, kutalikirana kwa timabowo, ndi malita angati pa ola kabowo kamodzi kamatulutsa, kenako munditumizire ndidzaione mwezi wamawa.